NG'OMBE ZINALANDIRIDWA, NANGA CHILOLEZO?

Nkhani yokambidwa pa wailesi, yokhudza mabanja a m'malire m'boma la Rumphi

Munthu akachoka pa boma la Rumphi kulunjika kumadzulo, napitirira Bolero kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, amafika m'chigwa cha Hewe, dziko la Themba Katumbi. Kumeneko ndiko Malaŵi amathera, Zambia nayamba. Mlendo sangathe kuloza pamene pali malire enieni, pakuti palibe linga kapena mtsinje waukulu. Angerezi amene analemba mzerewo pa mapu zaka za m'ma 1890 anangotsata mitunda yogaŵa madzi: mvula yotsetserekera ku Nyanja ya Malaŵi inakhala ya dziko lino, yotsetserekera ku mtsinje wa Luangwa inakhala ya kutsidya. Madzi anagaŵikadi, koma anthu ayi. Kwa Muyombe, mbali ya Zambia, amalankhula Chitumbuka chomwecho, maina a makolo ndi omwewo, ndipo maliro akagwa kuno, olira ena amachokera uko.

Anthu olirana maliro amakwatirananso. Tayerekezani mnyamata wa ku Hewe amene maso ake agwera mbeta ya kwa Muyombe. Akuluakulu atuma thenga, amene Acheŵa amati nkhoswe. Makolo a mtsikana atchula malowolo, ndipo ng'ombe, kapena ndalama zoloŵa m'malo mwa ng'ombe, zawoloka malire. Tsiku lafika, mkamwana waperekezedwa ndi nthungululu, apongozi amlandira, amuonetsa munda ndi mafuwa ake. Mwa mwambo wa Atumbuka nkhani yathera pomwepo. Mkazi wolowoledwa ndi wa pamudzi wa mwamuna wake, ana amene adzabale ndi a mtundu wa bambo wawo, ndipo tsiku lake likadzakwana adzagona kumanda a pamudzipo. Palibe mfumu, mbusa kapena mlamu amene angamutchule kuti mlendo.

Koma m'mabuku a Boma mkaziyo ndi mlendo ndithu. Ngati anadzera pachipata nadinditsa pasipoti yake, anapatsidwa masiku 30, monga momwe amapatsidwira munthu wodzaona nyama ku Nyika kapena ku Vwaza. Masikuwo angathe kuonjezedwa ku ofesi kufikira 90, ndipo akatha, wochezayo ayenera kubwerera kwawo kapena kukhala ndi chilolezo cha mtundu wina. Ngati anadzera kanjira ka m'tchire kamene agogo ake ankadzera, ndiye kuti Boma silidziŵa n'komwe kuti iye ali m'dziko muno. Ng'ombe zija zinamloŵetsa m'mudzi, koma m'dziko sizinamloŵetse. Ukwati pawokha, ngakhale wa ku tchalitchi wa mphete ndi galimoto zamaluŵa, supatsa munthu chilolezo chokhala m'Malaŵi. Chilolezocho chimachita kupemphedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani mabanja ambiri otere sanavutikepo n'kupempha? Yankho lake lili m'mbiri ya derali. Anthu a ku Rumphi ndi oyenda kuyambira kale. Mafumu a Chikulamayembe ndi Katumbi eni akewo ndi zidzukulu za Balowoka, amalonda a minyanga ya njovu amene anawoloka nyanja kuchokera kum'maŵa zaka za m'ma 1700. Dr. Robert Laws atakhazikitsa sukulu yaikulu ya Livingstonia pa Khondowe mu 1894, anyamata ophunzira kumeneko anasanduka akalaliki, aphunzitsi ndi akapitao m'maiko onse ozungulira: ku migodi ya mkuwa ya Kitwe ndi Mufulira, ku golide wa ku Lupa m'dziko la Tanganyika, ku Halale ndi ku Joni. Ena sanabwererenso, ndipo kwawo anawatcha machona. Ena anabwerera imvi zili mbuu, atatenga sutikesi, njinga ndi mkazi wolankhula Chibemba, Chishona kapena Chiswahili. Pa nthaŵi ya Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, Nyasaland ndi maiko aŵiri a Rhodesia anali pansi pa ulamuliro umodzi, motero mayi wa ku Ndola sanali wa dziko lachilendo kwenikweni. Amayi otere anaphunzira Chitumbuka, analima, analera zidzukulu, naikidwa m'manda popanda wowafunsa pepala.

Ufulu wodzilamulira unasandutsa mzere uja kukhala malire a maiko aŵiri oima paokha, ndipo malamulo anatsatira: la za anthu oloŵa ndi otuluka m'dziko mu 1964, la unzika mu 1966. Komabe kumudzi zinthu sizinasinthe msanga, pakuti munthu ankadziŵika ndi mfumu yake, ndipo mawu a mfumu ankakwanira. Chimene chinatembenuza zinthu ndi kalembera wa 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika. Kuyambira pamenepo chiphaso chinayamba kufunsidwa paliponse: ku banki, polembetsa nambala ya foni, polembetsa mavoti a chisankho cha 2019, ndi pogula feteleza wotsika mtengo pamene ndondomeko ya AIP inayamba mu 2020. Mayi amene wakhala pamudzi zaka 30, amene ana ake onse ndi Amalaŵi, anaona anzake a kumpingo akumasula makadi pa mfundo ya chitenje, iye alibe. Chiyeso chimakhalapo chakuti alembetse ngati mbadwa, mfumu itamchitira umboni mwachifundo. Chifundocho n'chomveka, koma chimabala bodza lolembedwa m'kaundula wa Boma, ndipo kunama polembetsa ndi mlandu. Alendo okhala m'dziko muno mwalamulo ali nacho chiphaso chawochawo, kungoti sichiperekedwa kwa munthu wopanda chilolezo.

Njira yolondola imayambira pa kalata ya ukwati. Apa lamulo la maukwati la 2015 linachitira anthu akumudzi chinthu chabwino, pakuti linaika pa mlingo umodzi ukwati womangidwa kwa D.C., wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, ndi wa mwambo. Ukwati wa ng'ombe ndi ukwati weniweni pamaso pa lamulo, malinga onse aŵiri akhale atakwanitsa zaka 18. Koma bwana wa ku ofesi sanazione ng'ombezo, ndipo thenga sangapindidwe n'kuikidwa m'failo. Chimene chimaloŵa m'failo ndi setifiketi. Lamulolo limatchula mafumu aakulu kukhala olembetsa maukwati a mwambo, monga alili abusa pa maukwati a mumpingo, ndipo ofesi ya D.C. pa boma ndiyo malo ofunsirapo. Amene anamangitsa ukwati wawo kunja, kaya ku Johannesburg kaya ku Dar es Salaam, asasiye kalata yake m'manja mwa abale kumeneko, poganiza kuti kwawo sikudzafunika.

Chotsatira ndi pasipoti. Nzika za Zambia, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa zakhala zikuloŵa m'Malaŵi popanda viza, ndipo chimenechi chimanyenga ambiri, pakuti amayesa kuti wololedwa kuloŵa waloledwanso kukhala. Nako kachiphaso ka m'malire, kamene anthu a m'mphepete amapatsidwa, n'kochezera abale ndi kukagulira zinthu ku msika, osati komangira banja. Mkazi kapena mwamuna wobwera kudzakhala ayenera kukhala ndi pasipoti ya dziko lake, adzere pachipata chovomerezeka, kaya pa Hewe pomwepo kaya pa Songwe ku Karonga kwa ochokera ku Tanzania, ndipo aonetsetse kuti chidindo chagwa. Chidindo chimenecho ndicho tsinde la zonse zotsatira.

Masiku ochezera asanathe, banjalo lipite ku ofesi ya Immigration ya chigawo cha kumpoto ku Mzuzu. Kumeneko kuli chilolezo chokhalira kwa kanthaŵi, chimene amachitcha Temporary Residence Permit, cha miyezi 6, ndipo chingathe kuonjezedwa. Kuli chinanso chokhalira mpaka kalekale, Permanent Residence Permit, chimene munthu wokwatirana ndi nzika ya Malaŵi angathe kupempha. Pamodzi ndi fomu pamafunika zithunzi, makope a pasipoti, setifiketi ya ukwati ija, umboni wakuti mnzakeyo ndi Mmalaŵi, kalata ya dokotala, ndi kalata ya apolisi a dziko la kwawo yotsimikiza kuti wopemphayo alibe milandu. Kalata ya apolisiyi ndiyo imabweza anthu ambiri panjira, chifukwa imatengedwa kwawo kwa munthuyo, osati kuno. Nzeru ndiyo kuitenga ukwati usanachitike, pamene ulendo wa kutsidya uli wa tsiku ndi tsiku, m'malo modikira kuti mayi akhale ndi khanda kumsana ndi munda wofuna kupalira. Pali ndalama zolipira, ndipo mitengo yake imasinthasintha, choncho munthu afunse pa ofesi pomwepo. Safunsa anadya phula.

Mapepala amalandiridwa ku Mzuzu, koma chigamulo cha chilolezo chokhalitsa chimachokera ku likulu, motero pamapita miyezi. Pa nthaŵi yodikirayo risiti isungidwe ngati diso, ndipo chilolezo chimene munthu ali nacho kale chisasiyidwe kuti chithe mphamvu. Aliyense amene anaimapo pamzere wa pasipoti amawadziŵa madobadoba, anthu ozungulirazungulira kunja kwa maofesi, olonjeza kuti iwo ali ndi njira yachidule. Ndalama yoperekedwa pansi pa mtengo ilibe risiti, ndipo chidindo chogulidwa kumeneko chikadzapezeka kuti n'chabodza, wogwidwa ndi mwini pasipoti, osati dobadoba. Mafunso a bwana wa m'kati mwa ofesi nthaŵi zina amachititsa manyazi: munakumana kuti, mumakhala kuti, amene anaimirira ukwati wanu ndani? Sikuti akunyoza. Maukwati achinyengo, omangidwa ndi cholinga chongopezera mapepala, alipo m'maiko onse, ndipo ndi ntchito yake kusiyanitsa mpunga ndi mankhusu. Banja lenileni lilibe chobisa pa mafunso otere.

Chinthu china chimene ambiri amaiŵala n'chakuti chilolezo chochezera ndi chija cha kanthaŵi sizilola munthu kulembedwa ntchito. Namwino wa ku Mbeya wokwatiwa ku Mhuju sangangovala yunifolomu chifukwa chakuti mwamuna wake ndi Mmalaŵi. Chilolezo cha ntchito ndi china, ndipo amachipempha ndi wolemba ntchitoyo.

Zonsezi zakambidwa ngati kuti wobwera ndi mkazi nthaŵi zonse, ndipo ndi mmenenso lamulo lakale linkaganizira. Olemba lamulo la unzika la 1966 anali ndi chithunzi chimodzi m'mutu: mkazi amatsata mwamuna. Choncho anatsegula khomo lakuti mkazi wachilendo wokwatiwa ndi Mmalaŵi apemphe kulembedwa ngati nzika, koma za mwamuna wachilendo wokwatira Mmalaŵi sanatchule. Choŵaŵa koposa chinali m'gawo 9: mkazi wa ku Malaŵi amene ukwati wake wampatsa unzika wa dziko lina ankataya unzika wa kwawo pakutha chaka chimodzi, pokhapokha atalemba kuti akufuna kuusunga, nakana wa dziko la mwamuna wakeyo. Mwamuna wokwatira kunja sankafunsidwa zimenezo. Kwa munthu wa ku Nkhamanga, kumene mwana wamkazi amapitadi kwa mwamuna, lamulolo linkaoneka ngati lachibadwa. Komatu kwa Acheŵa, Ayao ndi Alomwe, kumene mkamwini ndiye amasamukira kwa mkazi, linali lotsutsana ndi mwambo weniweni wa eni dziko. Ndipo ngakhale ku Rumphi komweko, boma lodziŵika ndi kuphunzitsa ana ake aakazi, mtsikana wopita kunja kukaphunzira kapena kukagwira ntchito sakhala wokakamizidwa kubwerako yekha. Iyenso amafuna kudzamanga pafupi ndi makolo ake okalamba, mwamuna wake ali pambali.

Amayi a maiko oyandikana nafe ndiwo anayamba kugwedeza mtengo umenewu. Ku Botswana, loya Unity Dow, wokwatiwa ndi mwamuna wa ku America, anasumira boma lake chifukwa ana ake obadwira m'dzikomo ankaŵerengedwa ngati alendo. Anapambana pa bwalo la apilo mu 1992, ndipo lamulo linasinthidwa mu 1995. Ku Zimbabwe, mu 1994, bwalo lalikulu linagamula pa mlandu wa Rattigan kuti kukaniza mwamuna wachilendo kukhala m'dziko n'kulanda mkazi wake ufulu wokhala kwawo, pakuti amakakamizika kusankha pakati pa dziko ndi banja. Ku South Africa, mu 2000, pa mlandu wa Dawood, oweruza ananena kuti lamulo lolekanitsa anthu okwatirana limanyoza ulemu wa umunthu wawo. Kuno kwathu Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 anateteza banja m'gawo 22, ndipo m'gawo 24 anapatsa akazi ufulu wofanana ndi amuna wopeza ndi kusunga unzika. Mu 2001 Bwalo Lalikulu ku Blantyre linaweruza dandaulo la mayi wina wa ku Malaŵi amene mwamuna wake, nzika ya Nigeria, anachotsedwa m'dziko muno, ndipo linamuimira mayiyo potengera ufulu womanga banja. Zigamulo zotere sizinafafanize fomu kapena mzere wa pa ofesi. Chimene zinachita n'kukumbutsa maboma kuti wopempha chilolezo cha mkazi kapena mwamuna wake sakupempha mphatso, ndipo womkaniza ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka.

Chilolezo chokhala m'dziko si unzika, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kukumvetsa. Wokhala ndi chilolezo amasunga pasipoti ya kwawo. Wofuna unzika amayamba ulendo wina, wa mapepala ena, ndipo ayenera kuganiza mofatsa. Dziko la Tanzania, mwachitsanzo, sililola munthu wamkulu kukhala nzika ya maiko aŵiri, kotero kuti mayi wa ku Kyela wolandira unzika wa Malaŵi amasanduka mlendo kwa amayi ake omubala. Zambia inalola unzika wa maiko aŵiri mu 2016, ndipo Nyumba ya Malamulo ya Malaŵi inavomereza zomwezo mu Disembala 2018. Opindula kwambiri ndi ana a maukwati ameneŵa, amene kale ankati akakula ankayenera kusankha pakati pa dziko la bambo ndi la mayi.

Wina angaseke kuti mapepala a makolo alibe ntchito kwa mwana wobadwira pamudzi, wodziŵika ndi aliyense. Akumbukire za David Kaunda, mphunzitsi wophunzitsidwa ku Livingstonia, m'boma lomweli la Rumphi, amene mishoni inamtuma ku Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Iye ndi mkazi wake Helen anakhazikika pa Lubwa, ndipo mu 1924 kunabadwa mwana wawo Kenneth. Mwanayo analamulira Zambia zaka 27, kuyambira 1964 mpaka 1991. Koma mu 1996 malamulo a dzikolo anasinthidwa kuti munthu amene makolo ake sanali mbadwa asaimire upulezidenti, ndipo mu 1999 bwalo la milandu ku Ndola linagamula kuti Kenneth Kaunda si nzika ya Zambia. Chigamulocho chinafafanizidwa pambuyo pake, ndipo aliyense ankaona kuti m'nkhaniyo munali ndale. Koma ngati funso lakuti "makolo ako anachokera kuti?" linatha kugwedeza munthu amene nkhope yake inali pa ndalama za dzikolo, kuli bwanji mwana wa mlimi wa ku Hewe pa tsiku lofuna pasipoti?

Tsiku limene kusoŵa kwa pepala kumaluma kwenikweni si la pasipoti kapena la feteleza. Ndi tsiku limene mwamuna wamwalira. Nthaŵi yonse imene iye anali moyo, anali ngati mthunzi wa mkazi wake: ndiye ankaonekera kwa mfumu, ku kalabu ya alimi ndi ku banki. Mthunziwo ukachoka, pamudzi pamatsala mayi amene Boma silinamlembepo, ana, nyumba ya malata, ng'ombe ndi ndalama za fodya. Mabanja ambiri a ku Rumphi amasunga mkamwana wamasiye mwaulemu, monga mwambo umalamulira. Koma alipo alamu ena a mtima wa fisi, amene mwadzidzidzi amakumbukira kuti mayiyu kwawo ndi kutsidya. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu, ndipo limapatsa mkazi ndi ana gawo loyamba. Koma mayi amene akudziŵa kuti alibe chidindo m'pasipoti, kapena alibe pasipoti n'komwe, adzalimba mtima bwanji kukagogoda ku polisi kapena kwa majisitireti? Amaopa kuti akapita kukadandaula za ng'ombe, akafunsidwa za malire. Ambiri otere amangomanga katundu wawo m'chitenje, nabwerera kumudzi kumene anachoka ali atsikana, kumene makolo awo anafa kale ndipo munda wawo ukulimidwa ndi ena. Ana amatsala, pakuti analowoledwa.

Ndiponso chilolezo chopemphedwa chifukwa cha ukwati chimafuna mawu a onse aŵiri. Mwamuna ali moyo angathe kulemba kalata, kuonetsa chiphaso chake ndi kuyankha mafunso a bwana wa ku ofesi pamodzi ndi mkazi wake. Wagona kumanda sangasayine fomu. Amuna ena amazengereza chifukwa cha ndalama, ndipo kunena zoona, kwa mlimi wa maekala aŵiri ulendo ndi malipiro ake si zinthu zopepuka. Ena amazengereza chifukwa cha ulesi chabe. Alipo ochepa amene amachitira dala, podziŵa kuti mkazi wopanda pepala sayankha pamene akumenyedwa ndipo sathaŵira kulikonse. Ankhoswe ndi mathenga, amene amadziŵa kuŵerenga ng'ombe mpaka mchira womaliza, akanachita bwino kufunsanso za chilolezo pa tsiku lomwelo lokambirana malowolo, makamaka a kuchikazi, pakuti ndiwo amene mwana wawo akupita kukakhala pansi pa malamulo a dziko lina.

Kuchokera pa boma la Rumphi kukafika ku Mzuzu ndi makilomita osapitirira 70, kuwoloka pa Njakwa n'kutsata msewu waukulu kudzera ku Ekwendeni. Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, alimi a ku Bolero, ku Hewe ndi ku chigwa cha Henga amatsata mabelo awo kupita ku okushoni ya mumzindamo, nabwerako ndi malata, njinga ndi nsalu zatsopano. Ofesi ya Immigration ili mumzinda womwewo, ndipo nyengo imeneyo ndiyo imene mlimi amakhala ndi ndalama yolipirira fomu ndi ya basi ya anthu aŵiri.